Pepani bwana, khamulo sindiwonjezera

Abale anga, mzinda wa Blantyre wavala mapepala. Yendani kuchokera ku Limbe kudzera pa Chichiri mpaka pa Ginnery Corner, kapena mukwere minibasi ya ku Ndirande, muone ngati mupeze pholo la magetsi, mlatho kapena mpanda umene watsala mbulanda. Apa mneneri akuitanira anthu ku usiku wa zozizwitsa, apo sing'anga wochokera kutali akulonjeza kubweza mwamuna wothawa m'masiku atatu, pamwamba pake oimba akuti tikakumane Loweruka. Pansi pa zonsezo pakusuzumira nkhope ya mkulu wina amene ankafuna ukhansala mu 2025, yosuluka ndi dzuwa ndi mvula, ikumwetulirabe ngati kuti sinamve zotsatira.

Mapositala amenewa mumawawerenga, ena mumawang'amba kuti mukulungire zitumbuwa, koma sindikhulupirira kuti munadzifunsapo kuti kodi amawapanga ndani. Lero ndikuululireni. Ena mwa iwo timapanga ndife, anyamata ndi atsikana amene tikuphunzira ntchito yofalitsa nkhani, usiku anzathu atagona, pa laputopu yobwereka.

Ine ndine mtolankhani woima pandekha. Ndiye kuti ndilibe desiki, ndilibe malipiro a pamwezi. Nkhani ikatuluka m'nyuzi ndiye kuti ndadya, ikapanda kutuluka ndagonera madzi. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinayamba kutumiza tinkhani uku ndi uku, kenaka ndinalembetsa maphunziro a kumapeto kwa sabata pa sukulu ina mumzinda muno. Fizi simadziwa kuti mkonzi sanakulipire. Mapositala ndiwo amandisunga m'kalasi.

M'kalasimo amatiphunzitsa zinthu ziwiri zooneka ngati mapasa: kupanga positala yotsatsa malonda, ndi kufotokoza nkhani pogwiritsa ntchito zithunzi. Zonsezi zimafuna diso, kamera ndi kompyuta. Koma ine ndaona kuti mapasawa sadyera mbale imodzi, ndipo nkhani yanga lero yagona pamenepo.

Tiyambe ndi positala. Aphunzitsi athu amakonda kunena kuti positala si kalata ya chibwenzi. Munthu amene akuiwerenga ali m'minibasi, wapanikizika pakati pa dengu la nsomba ndi chigongono cha kondakitala, ndipo galimoto ikuthamanga. Ngati m'kuphethira kuwiri kapena kutatu sanadziwe kuti kukuchitika chiyani, kuti, liti, ndipo pakhomo ndi zingati, ndiye kuti mwangotaya pepala ndi inki. Uthenga ukhale umodzi, chithunzi chachikulu chikhale chimodzi, zilembo zisapose mitundu iwiri, ndipo pasiyidwe malo opanda kanthu kuti maso apumirepo.

Chitsanzo chimene timapatsidwa kawirikawiri n'cha kwathu konkuno. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ine ndisanabadwe, Amalawi ankasankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri. Ambiri akumudzi sankatha kuwerenga, choncho nkhani yonse ija inafupikitsidwa kukhala zizindikiro ziwiri: tambala wakuda ndi nyali. Nyali inapambana ndi mavoti pafupifupi 63 pa 100 alionse. Taganizirani, tsogolo la dziko lonse linakwana pa kachithunzi koti mwana wa Sitandade 2 atha kujambula pa dothi. Positala yabwino imayenera kufika pamenepo.

Tsono kauzeni kasitomala zimenezi! "Achimwene, ikaniponso nkhope ya abusa. Musaiwale amayi busa. Nanga msungichuma akapanda kuoneka atulutsa ndalama?" Pomaliza positala ya kwaya imakhala ndi nkhope khumi ndi zinayi, mavesi atatu ndi manambala a foni asanu, tsiku la mwambo litabisala pakona ngati mwana wolakwa. Oimba nawo aliyense amafuna dzina lake likule kuposa la mnzake. Wopanga positala amasanduka nyakwawa yoweruza milandu ya kukula kwa mitu.

Mitundu nayo kuno ili ndi eni ake. Chikasu n'cha UDF, buluu ndi wa DPP, olenji ndi wa PP, kufiira n'kwa UTM, ndipo zakuda, zofiira ndi zobiriwira zikakumana anthu amayamba kufunafuna tambala wa Kongeresi. Nthawi ya kampeni komiti ya kwaya ina inakangana maola awiri pamaso panga pa nkhani ya mtundu wa positala yawo, aliyense akuopa kuti mpingo uoneka ngati walowa chipani. Tinathera pa zoyera ndi pepo.

Palinso zina zimene munthu amaziphunzira ataima pafupi ndi makina osindikizira. Foni ndi kompyuta zimapanga mitundu posakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, pamene makina amasakaniza inki zinayi pa pepala. N'chifukwa chake diresi limene linkawala pa foni limatuluka lozimiririka, kasitomala n'kumati mwamubera inki. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachisawawa chimafinyidwa, ndipo mukachikulitsa pa pepala la A3 nkhope imaoneka ngati phala la mgaiwa. Muuzeni mwiniwake achitumize ngati dokyumenti. Nambala ya foni musaiike m'mphepete, chifukwa mpeni wodulira mapepala sufunsa, umangodya nambala yomaliza. Ndipo Chichewa chiwerengedwe kawiri. Positala yolembedwa "kuba" pamene pamafunika "kuimba" simabwerera m'makina.

Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mapepala ndi inki, zomwe zimachokera kunja, zinakwera mtengo osati masewera. Amene ankasindikiza A2 anatsikira pa A3, a mitundu anathawira ku zakuda ndi zoyera, ndipo ambiri anayamba kungofuna kapositala koika pa foni basi. Malipiro athu nawo anafota. Mawu akuti "ndikutumizira madzulo" ndawamva kambirimbiri moti ndikanakhala kuti ndimawasunga kubanki bwenzi nditagula kamera yangayanga.

Imeneyo ndiye positala. Ntchito yake n'kukopa, ndipo aliyense amadziwa kuti ikukopa. Palibe amene amakasuma kwa amfumu chifukwa woimba waoneka wosalala pa pepala kuposa mmene alili pamaso.

Phunziro la zithunzi ndi lina. Aphunzitsi anatipatsa ntchito yoti tipeze munthu mmodzi ndi kufotokoza tsiku lake ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi, osapitirira. Anzanga ena anathamangira kwa ana opemphetsa m'misewu poganiza kuti misozi ndiyo imabweretsa malikisi. Ine ndinasankha mayi wina wogulitsa matimati pa msika wa m'dera lina mumzinda muno.

Tsiku loyamba sindinatenge kamera. Ndinakhala pa benchi lawo, kuwathandiza kuunjika matimati timilu, n'kumamva nkhani zawo. Ndinawafotokozera chimene ndinkafuna, kumene zithunzizo zikapite, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokana. Iwo anaseka n'kunena kuti: "Ndiye mubwere Lamulungu, mwana wanga, mudzandipeze nditasamba, nditavala chilundu changa chatsopano."

Musawaseke mayiwa, tonse tinaleredwa choncho. Makolo athu ankajambulitsa ku situdiyo kapena kwa wojambula woyenda pa njinga, amene ankadikira kuti filimu ya zithunzi 36 idzaze asanakaitsukitse m'tauni. Chithunzi chinali mwambo. Munthu ankabwereka wotchi, kuima pafupi ndi galimoto ya eni ake, dzanja m'chiuno, wailesi pambali. Ndiye ukamuuza Mmalawi kuti ukufuna kumujambula ali pa ntchito, thukuta lili kamukamu, amaganiza kuti ukufuna kumuyalutsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Panapita masiku anayi kuti mayi aja ndi anzawo aiwale zoti pamsikapo pali kamera.

Zithunzi zanga zinali izi. Choyamba, mdima wa 4 koloko m'mawa, azimayi atazungulira lole yochokera ku Ntcheu, aliyense ndi tochi ya pa foni. Chachiwiri, dengu pamutu, msewu uli zii. Chachitatu, manja okha, akupatula matimati ophwanyika, amene ndiwo phindu lotayika la tsikulo. Chachinayi, kasitomala akulimbikira basela. Chachisanu, ndalama zikumangidwa pa mfundo ya chitenje. Chomaliza, madzulo, mwana wawo akulemba homuweki pa benchi lomwe lija, matimati atatha. China chojambulidwa patali kuti muone malo, china pafupi kuti muone munthu, china pafupi zedi kuti muone chimene munthuyo akumva. Ndinaphunziranso kuti dzuwa la pamutu limasandutsa maso a munthu wakuda kukhala maenje awiri, choncho nthawi yabwino yojambula ndi m'mawa kapena dzuwa litapendeka.

Lamulo la chithunzi cha nkhani ndi losavuta kumva. Mutha kuchiwalitsa pang'ono kapena kudula m'mphepete, koma simuwonjezera chimene panalibe ndipo simuchotsa chimene chinalipo. Pansi pake mulembe zoona: ndani, kuti, liti. Chithunzi chotere ndi mboni, ndipo mboni ikangonama kamodzi bwalo lonse limasiya kuimvera.

Kuti timvetse kulemera kwa umboni umenewu, m'kalasi anationetsa chithunzi cha Sam Nzima wa ku South Africa. Pa 16 Juni 1976, apolisi atawombera ana asukulu ku Soweto, Nzima anajambula mnyamata wotchedwa Mbuyisa Makhubo akuthamanga atanyamula Hector Pieterson, mlongo wake wa Hector akulira pambali. Nyuzi ya The World inachisindikiza, ndipo dziko lonse lapansi linaona nkhope yeniyeni ya tsankho. Nzima anavutitsidwa ndi apolisi mpaka anasiya ntchito n'kubwerera kumudzi, ndipo umwini wa chithunzi chakecho anaupeza patapita zaka zoposa makumi awiri. Chithunzicho chinagwira ntchito chifukwa palibe amene akanatha kunena kuti n'chopanga.

Kwathu kuno mayeso otere anabwera mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Mukukumbukira zimene zinkayenda m'mafoni masiku amenewo. Mitembo ya ana, azimayi opanda chovala akuvuulidwa m'matope, zonse zikutumizidwa m'magulu a WhatsApp ngati moni wa m'mawa. Ena anadziwira pomwepo kuti m'bale wawo wamwalira. Ine ndinafikako ndi kamera yobwereka, ndipo zimene ndinatenga ndi abambo akukumba ndi makasu a kumunda, poto wodzaza matope, ndi kope la mwana wasukulu litatseguka pa mwala. Amene anaona zithunzizo anamva kukula kwa tsokalo popanda kuvula maliro a munthu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndani angafune kuti mayi ake aonedwe ndi dziko lonse ali chomwecho?

Tsono mapasa aja anadzakumana pa tebulo langa m'nyengo ya kampeni ya chisankho cha pa 16 Seputembala 2025. Imeneyo inali nyengo yokolola kwa aliyense wodziwa kugwira kompyuta. Mkulu wina wofuna uphungu, amene anyamata ake ankamutchula kale kuti olemekezeka mavoti asanaponyedwe, anandiitanitsa. Anafuna mapositala, ndipo ndalama imene anatchula inali yokwana fizi ya teremu yonse.

Poyamba zinthu zinayenda bwino. Anati ndichotse chiphuphu pa mphuno, ndinachotsa. Anati kolala ya shati yapindika, ndinaiwongola. Anati kumbuyo kwake kukhale mtundu wa chipani chake, ndinaika. Zonsezo n'zodzoladzola za positala, ndipo wovota aliyense amadziwa kuti munthu popita kukafunsira mbeta amasamba.

Kenaka anatulutsa chithunzi cha msonkhano wake. Panali anthu ngati makumi asanu, theka lawo ana.

"Mphwanga, apa udzazepo anthu. Bwalo lonseli lisefukire. Ndiye pansi ulembe tsiku ndi malo, tikaperekenso kwa anzako a nyuzi."

"Bwana, nkhope yanu ndikonza mmene mungafunire, koma khamulo sindiwonjezera."

"Bwanji? Kompyuta yakana?"

"Kompyuta singakane, bwana. Koma mukalemba tsiku ndi malo, chimenecho chasanduka umboni. Anthu a kumeneko akudziwa kuti anabwera angati."

Anandiyang'ana ngati ndamutukwanira mayi. "Iwe ndakulemba ganyu yopanga positala kapena yondilalikira?"

Ntchito ija inapita kwa wina, ndipo patatha masiku atatu ndinaona bwalo lija litasefukira. Mukanayang'anitsitsa mukanaona mayi mmodzi wa duku lofiira ataima malo anayi osiyana. Masiku ano ndi nzeru zopangidwa za pa kompyuta zija akuti AI, ngakhale duku lobwerezalo simungalipeze, chifukwa makina amapanga nkhope zatsopano za anthu amene sanabadwe n'komwe.

Anzanga ena a m'kalasi anandiseka. Ati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ulemu sulipira fizi. Wina anandiuza kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndisankhe kukhala wotsatsa malonda kapena mtolankhani. Mwina akunena zoona kumbali ya thumba. Koma ine ndimaona kuti munthu atha kugwira ntchito ziwirizi bwinobwino malinga akudziwa pamene pali malire. Vuto limayamba positala ikavala malaya a nkhani. Mawa lake ine ndemwe ndikapereka kwa mkonzi chithunzi cha mlatho wogumuka kapena cha odwala atagona pansi m'chipatala, andikhulupirira bwanji akudziwa kuti dzulo ndinabereka anthu 2,000 pa kompyuta?

Chimene chinandiwawa kwambiri chinadza pambuyo pake. Zithunzi za mayi a matimati zija zinali zitatuluka m'nyuzi ina, iwo atavomera, ndipo anasangalala mpaka anasunga tsambalo m'Baibulo. Kampeni ili mkati anandiimbira foni, mawu akunjenjemera.

"Mwana wanga, mwandigulitsa kwa andale?"

Ndinathamangira kumsika kuja. Pa khoma la chigayo panali positala ya munthu wina wopikisana nawo m'deralo. Pambali pa nkhope yake panali mayi aja, dengu pamutu, ndi mawu onena kuti amayi a pamsika ali pambuyo pake. Wina anangotenga chithunzi changa m'nyuzi, kudula dzina langa, n'kuwalowetsa mayiwo chipani chimene sanachilotepo.

Kwa inu owerenga mwina n'zoseketsa, koma pamsika si nkhani yocheza. Anzawo a benchi loyandikana, amene anali a chipani china, anasiya kuwasungira katundu akapita kukadya. Makasitomala ena anayamba kuwadutsa. Ena ankawafunsa kuti alandira zingati, ndipo bwanji akudya okha. Mayi amene moyo wawo wonse uli pa timilu ta matimati anapezeka ali pakati pa nkhondo ya eni ake.

Ndinafufuza kumene positalayo inapangidwa ndipo ndinapitako. Mnyamata wa pamenepo, msinkhu wanga womwewu, anandiyankha mosatekeseka kuti chilichonse chimene chili pa intaneti kapena m'nyuzi n'cha aliyense. Ndinamuuza kuti dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, lomwe limatetezanso zithunzi, ndipo bungwe la COSOMA lilipo chifukwa cha nkhani ngati zimenezi. Ndinamukumbutsanso kuti Malamulo Aakulu a dziko lino, amene gawo 36 lake limapatsa atolankhani ufulu wofalitsa nkhani, ndi omwewonso amene pa gawo 19 amati ulemu wa munthu usaphwanyidwe. Tinapita limodzi ndi wapampando wa msika kwa anyamata a kampeni aja. Mapositala a pafupi ndi msika anamatulidwa, koma a kutali anatsala, ndipo kupepesa sikunabwere. Ndalama ya loya tinalibe, ine ngakhale mayiwo. Mpaka lero ena pamsikapo amawaitana ndi dzina la chipani chija.

Akuluakulu amatiuza kuti m'nthawi ya Kamuzu chithunzi chake chinkapachikidwa m'sitolo ndi mu ofesi iliyonse, ndipo panalibe chithunzi, wotchi kapena kalendala yololedwa kukhala pamwamba pake. Nthawi imeneyo boma ndilo linkasankha chimene maso a anthu aone. Matipate anabweretsa ufulu woti aliyense amate nkhope yake pamene wafuna, ndipo ufulu umenewo ndi wabwino, anthu anauvutikira. Koma sindikhulupirira kuti amene anavotera nyali ankafuna kuti mayi wosauka azibedwa nkhope ndi aliyense amene ali ndi bandulo ya intaneti.

Choncho ndili ndi mawu kwa magulu atatu. Kwa aphunzitsi a m'sukulu zathu za utolankhani: pitirizani kutiphunzitsa Photoshop, CorelDRAW ndi Canva, koma tsiku limene mukutionetsa batani lochotsera munthu pa chithunzi, mutiuzenso nthawi imene batanilo siliyenera kugwidwa. Kwa anzanga opanga mapositala: nkhope ya munthu si nkhuni zotola kutchire. Pemphani, lembani pa pepala zimene mwagwirizana, ndipo wojambula mumulipire ngakhale kangachepe.

Ndipo kwa inu amayi ndi abambo a m'misika, m'midzi ndi m'misasa ya anthu othawa madzi: munthu akakulozani kamera, kaya ndi mtolankhani, kaya ndi wa bungwe lobwera pa galimoto yoyera, kaya ndine ndemwe, mufunseni mafunso atatu. Ndinu yani? Chithunzichi chikupita kuti? Pansi pake mulembapo chiyani? Akayamba kukanda m'mutu, phimbani nkhope ndi chitenje. Nkhopeyo ndi yanu, ndipo simunabwereke kwa munthu.